Kalata kwa Mfumu ya Mzinda wa Lilongwe

Olemekezeka,

Ndine mayi wa ku Mtandire. Makalata awiri ndinakasiya pa ofesi ina chaka chatha, yankho silinabwere, ndiye ndalemba poyera.

Kalembera wa 2008 anapeza anthu osakwana 700,000 mumzinda uno. Wa 2018 anapeza 989,318. Lero ndiye tinadutsa miliyoni kalekale. Anthu akubwerabe kuchokera ku Dowa, ku Ntchisi, ku Dedza, ku Mchinji, poti kumudzi munda wachepa ndipo feteleza sakugulika. Inenso ndinabwera choncho, ndi kachikwama kamodzi. Siwachilendo anthuwa, bwana, ndi abale athu, ndipo sabwerera.

Mudzabwere kuno cha m'ma 4 koloko m'mawa mudzaone mzere wa zidebe pa kiyosiki. Timasiya ndowa zathu kukadali mdima, aliyense kuika kamwala pamwamba kuti adziwe yake. Mwana wanga wamkazi wa Sitandade 7 amadikira pamenepo atafunda chitenje, akuodzera, mpopi ukungotulutsa mpweya. Madzi akabwera mochedwa, tsiku limenelo sukulu yajombedwa. Akapanda kubwera, timatunga pachitsime chokumbidwa pafupi ndi chimbudzi cha aneba, poti pabwalo lomwe kale panali banja limodzi lero pali mabanja asanu ndi awiri a lendi. Kolera ikafika tizidabwa chiyani?

Zina ndingotchula: kalasi imodzi ana osawerengeka, zinyalala zothera m'ngalande, minibasi zolimbirana m'mawa, nyumba zomangidwa m'mphepete mwenimweni mwa Lingadzi. Mu February 2017 mtsinjewu unasefukira, anthu anachita kupulumutsidwa ndi helikopita. Pitani lero, mupeza ena amanganso pomwepo. Sikuti sakuopa madzi ayi, koma puloti yotsika mtengo kumtunda aipeza kuti?

Ndikudziwa kuti khonsolo si mwini zonse, ndipo ndalama n'zovuta. Komatu za madzi ochokera kunyanja ku Salima tinayamba kuzimva mwana wangayu asanayambe sukulu. Likulu linasamuka ku Zomba mu 1975, koma mpaka pano osauka timangodziikira tokha pokhala.

Pempho langa nali. Tsegulani mapuloti otsika mtengo okhala ndi msewu, mpopi ndi ngalande anthu asanafikepo, osati kubwera ndi zigumula atamanga kale. Ndipo muitanitse msonkhano kuno ku Mtandire mvula isanayambe, mutiuze malo a mapulotiwo, mtengo wake ndi tsiku lowatsegulira.

Ine wanu,
Mayi wa ku Mtandire