Kalata yothokoza oyang'anira nkhalango ya Majete

Chilomoni,
Blantyre.

Kwa a Manijala,
Majete Wildlife Reserve,
Chikwawa.

Olemekezeka a Manijala,

Ndalemba kalatayi kuti ndithokoze inu ndi antchito anu chifukwa cha momwe munatilandirira, ine ndi anzanga awiri, titabwera kudzaona nyama m'nyengo yozizira yapitayi. Ndine mphunzitsi wa sekondale kuno ku Blantyre, ndipo pa atatufe palibe ali ndi galimoto. Tinabwera ndi zikwama kumsana, tenti yobwereka, ufa, usipa ndi kampoto kamodzi. Minibasi inatitsitsa phiri lokhotakhota lija mpaka ku Thabwa, tinawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, ndipo mtunda wotsalawo tinautsiriza pa kabaza wa njinga zamoto. Pofika pachipata panu fumbi linali litatikuta mpaka m'nsidze.

Ndanena za fumbizi dala. Amalawi ambiri timakula tikuganiza kuti malo otetezedwa ndi a azungu ndi anthu a magalimoto akuluakulu, ndipo tikamayandikira chipata chotero timayenda ngati tikukapempha. Mayi amene anali pa ofesi yolandirira alendo sanayang'ane nsapato zathu. Anatipatsa moni, anatifunsa za ulendo, anapempha ziphaso za unzika, n'kutiuza mtengo wa nzika, womwe ndi wotsika kwambiri poyerekeza ndi wa alendo ochokera kunja. Atamva kuti tilibe galimoto sanadabwe. Anatifotokozera kuti munthu saloledwa kuyenda yekha wapansi m'nkhalangomo, kenaka anatiwerengera zomwe thumba lathu likanakwanitsa: kugona m'tenti yathu, kukwera galimoto yanu kamodzi madzulo, ndi kuyenda wapansi m'mawa ndi mlonda wa mfuti. Sanatikakamize zodula. Chonde muwauze mayiwo kuti ulemu wawo sitinauiwale.

Chimene ndikufuna kukhalitsapo ndi ulendo wa pansi uja, chifukwa ndiwo unandichititsa kutenga cholembera. Tinanyamuka kusanawale bwino, mlonda patsogolo, ife mondondozana kumbuyo. Asanaponde n'komwe anatipatsa malamulo: osalankhula mokweza, osatuluka pamzere, ndipo chilichonse chikachitika osathawa mpaka iwo atanena. Ankayenda pang'ono n'kuima, n'kutapa dothi louma, n'kuliwaza kuti aone kumene mphepo ikulowera. Anati njovu siona patali koma mphuno yake sinama, choncho munthu ayenera kuidzera kumene mphepo ikupita.

Tinafika pa mulu wa ndowe zouma womwe ine ndikanaudutsa osacheuka. Iwo anagwada, anatola katsotso kamodzi m'ndowemo n'kutionetsa nsonga yake. Kanali kodulidwa mopendama, bwinobwino, mosaphwanyika. Anati chomwe chimadula nthambi motero ndi mano a chipembere, pamene njovu imatafuna n'kusiya luzi lokhalokha. Kenaka anatilozera mizere iwiri pansi, pomwe chipemberecho chinapalasa ndi miyendo yakumbuyo chitamaliza, kuti fungo lake lipite ndi mapazi n'kudziwitsa zinzake za dera lake. Phazi lake linali pomwepo pamchenga, zala zitatu. Chipemberecho sitinachione ndi maso, ndipo mlondayo anatiuza poyera kuti ambiri sachiona chifukwa chimakonda m'zitsamba zowirira. Koma ine amene ndakhala ndikujambula nyama imeneyi pabolodi kwa ana asukulu, tsiku limenelo ndi pomwe ndinayamba kuikhulupirira kuti ilipodi m'Malawi muno.

Patsogolo pake tinapeza mlambe womwe njovu zinausenda mbali imodzi mpaka kufika poyera mkati. Anatifotokozera kuti m'chilimwe zimafuna madzi ndi chakudya za m'thunthumo. Njovuzo tinazipeza kutsidya kwa kakhwawa, zazikazi ndi ana awo. Anatiimitsa ndi dzanja lokha. Tinamva kuthyoka kwa nthambi ndi kulira kwa m'mimba kuja komwe kumamveka m'chifuwa mwako usanadziwe kuti n'chiyani. Mnzanga wina anafuna kusendera kuti ajambule bwino ndi foni. Mlondayo sanakalipe. Anangomugwira paphewa n'kumunong'oneza kuti, "Achimwene, ili ndi mwana iyo, apa mpokwanira." Tinabwerera chafutambuyo pang'onopang'ono, njovuzo osadziwa n'komwe kuti tinalipo. Pobwerera anatiuza kuti mfuti amainyamula koma tsiku labwino kwa iwo ndi lomwe yabwerera osaitsitsa paphewa.

Bamboyo ndi wa komweko, Mmang'anja wa m'mudzi wina woyandikana ndi mpanda. Titakhala pansi kumwa madzi anatisimbira momwe Majete analili ali mnyamata, ndipo zomwe ananena zikugwirizana ndi zomwe zinalembedwa. Zipembere zinali zitatha kalekale. Njovu zomaliza zinaphedwa pofika 1992. M'nkhalango ya masikweya kilomita 700 munangotsala agwape owerengeka, anyani, ng'ona ndi mvuu zochepa mu Shire, ndipo anthu ankangolowa kutcha makhwekhwe ndi kuotcha makala. Boma, kudzera ku nthambi yoona za malo otetezedwa ndi nyama zakutchire, linagwirizana ndi bungwe la African Parks mu 2003, ndipo Majete ndi malo oyamba omwe bungweli linatenga mu Africa monse. Chaka chomwecho zipembere zinabwerera. Njovu zinatsatira mu 2006, akambuku mu 2011, mikango mu 2012, akadyansonga mu 2018, akakwiyo mu 2019, ndipo mimbulu inafika mu 2021. Ankatchula zakazi mmene kholo limatchulira zaka zobadwa za ana ake. Chomwe ankachinyadira koposa n'chakuti chibwerereni zipembere ndi njovu, palibe ngakhale imodzi yomwe yaphedwa ndi opha nyama mozembera. Njovu zinaswana mpaka mu 2017 zina zinanyamulidwa pa malole kupita ku Nkhotakota, komwe nakonso zinali zitatsala pang'ono kutha.

Ndinawafunsa ngati anthu akwawo sadandaula kuti anawatsekera nkhalango. Sanandiyankhe zokometsera. Anati alipo odandaula, makamaka akuluakulu amene anazolowera nyama ndi nkhuni, ndipo mpanda wamagetsi, ngakhale umathandiza, uyenera kuyenderedwa tsiku ndi tsiku chifukwa njovu imodzi ikatuluka munda wa munthu umatha usiku umodzi. Koma anatchulanso ntchito zomwe anthu ozungulira apeza, ana omwe akulipiriridwa sukulu, ndi alimi a njuchi omwe tsopano amagulitsa uchi. Ndikukuthokozani kuti antchito anu ali ndi ufulu wolankhula chilungamo kwa alendo. Akanandiuza kuti aliyense ndi wokondwa sindikanawakhulupirira, ndipo zinanso zija ndikanazikayikira.

Ulendo wa pagalimoto unali wabwino ndithu, ngakhale kwa ine sunafike pa wa pansi. Tinatsata gombe la Shire dzuwa likupendeka. Nswala, anakodzwe, ngoma, mbidzi, njiri zothamanga michira ili njo, njati zitaunjikana pafupi ndi madzi, ndi mvuu zosawerengeka. Woyendetsa anaima nthawi yaitali pa gulu la abowo, n'kutionetsa kusiyana kwa yamphongo yakuda ya ubweya wolendewera ndi yaikazi yofiirira ya mizere yoyera, moti wosadziwa angati ndi mitundu iwiri. M'galimotomo munali alendo ena ochokera kunja. Iye ankafotokoza m'Chingerezi, kenaka n'kutembenuka kubwereza m'Chichewa, ndipo za m'Chichewazo zinkatalikirapo chifukwa ankawonjezera zomwe agogo ake ankanena za nyama iliyonse. Mikango sitinaione. Tinangoimva usiku, kutali, ndipo mnzanga amene masana ankadzitama kuti sachita mantha anadzuka kawiri kuyesa ngati zipi ya tenti yatsekeka.

Pa mathithi a Kapichira ndinaima ndi maganizo awiri. Monga mphunzitsi ndimadziwa kuti apa ndi pomwe sitima ya David Livingstone inalephera kupitirira mu 1859, iye n'kuyamba kuyenda wapansi. Monga munthu wa ku Blantyre, dzina la Kapichira ndimalidziwa chifukwa cha mdima umene tinakhalamo namondwe Ana atawononga damu la magetsi mu Januwale 2022. Sindinkadziwa kuti malo omwe tinkawatchula mokwiya usiku uliwonse ndi okongola chotere, ndi nkhwazi zikulira pamwamba pa miyala. Ndikanakonda anthu a m'tauni atabwera kudzaona, mwina akanamvetsanso kuti matope amene amadzaza damulo amachokera kumtunda komwe tonse tikugula makala.

Za pogona ndinene mwachidule. Malo omangapo matenti anali osesedwa, madzi osamba analipo, zimbudzi zaukhondo, ndipo pophikira panali pokonzedwa kale. Bambo wosamalira malowo anatichenjeza kuti chakudya tisasiye panja chifukwa cha anyani, ndipo ataona kampoto kathu anatibwereka mthiko ndi chipande osapemphedwa. Kwa anthu amene tinawerengera kwacha iliyonse, kuloledwa kuphika nsima yathu ndi kumene kunatheketsa ulendowu. Tikanakakamizidwa kudya ku lesitilanti tsiku lililonse sitikanabwera. Chonde mwayi umenewu musadzauchotse ngakhale alendo olemera atachuluka.

Ndili ndi mapempho awiri, ndipo ndikuwapereka ngati mlendo wokhutira. Loyamba ndi la mayendedwe. Kabaza ndi wabwino kwa ife amuna a zikwama, koma mayi wa ana ang'onoang'ono kapena munthu wachikulire sangamukwere mtunda wonse uja. Mutakhala ndi galimoto yonyamula anthu pa Dyeratu kapena pa boma la Chikwawa Loweruka m'mawa, pa mtengo wodziwika, ndikukhulupirira kuti anthu a ku Blantyre ambiri angabwere, pakuti mtunda wake ndi wa makilomita pafupifupi 70 okha. Lachiwiri ndi la uthenga. Zomwe tinauzidwa pachipata, kuti nzika imalipira zochepa, kuti ukhoza kubwera ndi tenti yako, kuti wopanda galimoto ali ndi njira, n'zimene anthu sazidziwa. Zitamalengezedwa pa wailesi m'Chichewa, mantha aja angachepe. Ndingawonjezere kuti muziwalangiza obwera koyamba kusankha Juni kapena Julaye, chifukwa kutentha kwa Chikwawa mu Okutobala munthu wa kumtunda sangayende nako ndi chikwama.

Kusukulu kwathu tili ndi kalabu yoona za chilengedwe, ndipo ana ake ambiri njovu amaidziwira pa chithunzi cha m'buku. Ndamva kuti mumalandira magulu a ana asukulu. Ndikupempha kuti mundidziwitse ndondomeko yake: chiwerengero cha ana amene mungalandire pa ulendo umodzi, msinkhu wololedwa kuyenda wapansi ndi mlonda, ndi nthawi yoyenera kulembetsa. Makolo ndayamba kale kukambirana nawo za ndalama ya basi.

Mayina a antchito anu sindinawalembe muno, koma buku lanu la alendo likuonetsani amene anali pantchito masiku amenewo. Ndikupempha kuti kalatayi muwawerengere onse, kuphatikizapo alonda oyendera mpanda ndi ogona m'tchire, amene sitinawaone.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa ku Chilomoni