Penti yofiira ija munaipeza kuti, a khonsolo?

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaulire m'nyuzi yanu, poti kukhonsolo ndapitako kawiri ndipo maulendo onse awiri andiuza kuti abwana ali kumsonkhano.

Lachiwiri lapitali, ndikuchokera kumsika, ndinapeza anyamata awiri pa holo yathu yakale ija, wina wagwirira makwerero, wina ali pamwamba ndi chitini ndi burashi. Amajambula nyenyezi yofiira. Aliyense wokhala m'tauni m'dziko muno akudziwa zomwe nyenyezi imeneyi imatanthauza: nyumbayo yaweruzidwa kuti igwe. Koma taonani chipongwe chake. Khoma lonse lija, kutalika kwake konse kuja, iwo anasankha kupaka pamwala penipeni pomwe amisiri anazokotapo chaka chimene holoyo inamangidwa. Penti n'kumayenderera mpaka pansi ngati pophera mbuzi. Nditafunsa, wa burashi uja anangoti, "Madala, ife tangotumidwa." Iyeyo ndilibe naye mlandu. Mlandu wanga uli ndi amene anamutuma, amenenso anagula pentiyo.

Eetu, pentiyo. Mizere yowolokera ana pamsewu wa kusukulu ya pulayimale inafufutika kalekale, mwana amene anayamba Sitandade 1 ikuonekabe pano ali kusekondale. Takhala tikupempha, yankho n'lakuti ndalama palibe. Chimbudzi cha kumsika chitseko chake n'chiguduli. Ndalama palibe. Koma ikafika nkhani yogwetsa, penti yapezeka tsiku lomwelo, yonyezimira bwino, makwerero apezeka, mafuta a galimoto yonyamula anyamatawo apezekanso. Ndiye ndikufunsa mwaulemu, penti imeneyi munaitola kuti? Ngati yatsalako, tibwerekeni, ana athu aziwolokera pamizere yofiira, bola ioneke.

Chomwe chikundidabwitsa n'chakuti makhansala eni akewo sanamvane. Tonse tamva kuti ena akuti igwe pamangidwe mashopu osanjikana, ena akuti dikirani kaye timve maganizo a anthu. Nkhani ikadali pabwalo, chigamulo sichinaperekedwe, koma nyenyezi ili kale pakhoma. Kumudzi kwathu mfumu ikachita zotere, kulamula mbuzi mlandu usanazengedwe, anthu amayamba kufunsana kuti yadya za ndani. Ine sindinatchule munthu.

Bambo anga anali telala pakhonde la holo imeneyi. Makina awo a Singer ankakhala pafupi ndi nsanamira yachitatu, ndipo mpaka lero pasimenti pali timaenje tinayi pomwe miyendo ya makinawo inadya pansi. Ine ndinaphunzira kuwerenga nambala pa tepi yoyezera ndili chikhalire pa njerwa zimenezo. Njerwa zake zootcha bwino, zolemera, ukaigogoda ndi kiyi imalira ngati mbale. Khomalo n'lokhuthala moti mwezi wa October, kunja phula likusungunuka, mkatimo mumazizira popanda fani. Mmenemo anthu amangitsamo maukwati, achitiramo misonkhano, ana avinamo pa zisudzo za sukulu. Namondwe wa Freddy atabwera mu March 2023, ndinaona ndi maso angawa mipanda ya dzulodzulo itagona pansi ngati mphasa, holo ili chiimire. Lero akutiuza kuti yoopsa ndi imeneyi.

Sindikukana, denga likudontha. Malata achita dzimbiri, mitanda ina chiswe chalowa, mileme yamangamo mudzi. Koma mwini holoyo ndani? Si inu nomwe a khonsolo? Zaka zonsezi mwakhala mukutolera ndalama kwa ochititsa maukwati, kwa atelala, ngakhale kwa amayi ogulitsa mandasi pakhonde, tikiti tsiku ndi tsiku osaphonya. Msomali umodzi munagulapo? Mwana mwamumana chakudya nokha, kenako mukuitana anthu kuti adzaone mmene waondera.

Ndikufuna a khonsolo apite ku Blantyre akaone Mandala House. Inamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes, dzina lake linachokera ku magalasi a m'maso a John Moir, mmodzi wa oyang'anira kampaniyo, ndipo mpaka lero ikugwira ntchito: anthu amamwa khofi, amaona zojambula, ena amakwera pamwamba kukawerenga mabuku a Society of Malawi. Akatero ayende pang'ono akaone tchalitchi cha St Michael and All Angels, chomwe mmishonale David Clement Scott ndi amisiri akuda a konkuno anamanga kuyambira 1888 mpaka 1891, njerwa zoumbidwa ndi manja. Alendo amatsika ndege kudzajambula chimenecho. Ku Zomba nyumba ya Masongola ya mu 1886 ikadalipo. Nyumba zimenezi sizinapulumuke chifukwa cha mankhwala ayi, pali anthu amene ankakwera padenga kukamata pobooka.

Ndipo dziko lino lili ndi lamulo, Monuments and Relics Act, loteteza zinthu zakale, komanso nthambi ya boma yoona za malo osungira mbiri ndi zipilala. Kodi a khonsolo munawalembera kalata akuluakulu amenewa musanatumize burashi? Ngati munalemba, tiwerengereni yankho lawo pa wailesi. Ngati simunalembe, a Nduna oona za chikhalidwe, nkhani ndi imeneyi, ife takutulirani.

Ena akuti n'chinyumba cha atsamunda, chichoke. Chabwino. Koma amene anaponda dothi, kuwotcha uvuni ndi kusenza njerwazo pamutu anali mzungu? Anali agogo athu, ena mwa iwo pa thangata. Thukuta lawo ndi limene mwalipaka penti.

Nanga pogwetsapo mumangapo chiyani? Tikudziwa kale. Paliponse pomwe pagwa nyumba yakale m'matauni mwathu pamamera malo omwetsera mafuta, kapena chinyumba chagalasi chomwe pakatha mvula ziwiri matailosi ayamba kugwera anthu pamutu. Chikomekome cha mkuyu. Malo omwetsera mafuta achuluka kuposa mafutawo, munthu umagona pamzere uku ndi uku mapampu ali mbwee. Mabwalo omwe ana ankasewererapo mpira anasanduka mapuloti, mitengo ya m'mbali mwa msewu inatha, ngalande zadzaza mapepala a pulasitiki, zinyalala kumsika zafika m'chiuno. Misonkho yokha ndiyo sichedwa, kalata yake imafika ngakhale kunyumba yomwe galimoto ya zinyalala sinayambe yaidziwa njira.

Tsono chitani izi. Futani nyenyeziyo sabata ino, ndipo mufute ndi mankhwala osaononga mwala, osati kupala ndi chikwanje. Itanani injiniya yemwe si wa khonsolo komanso si mnzake wa wofuna malowo, ayeze khoma, lipoti lake mulimate pakhomo aliyense awerenge. Ndalama za maukwati za chaka chimodzi zokha muziike padera zigule malata. Msonkhano wa nkhaniyi muchititse mu holo momwemo, Loweruka masana, osati kuhotela ya kunyanja. Zikakuvutani tiuzeni, amipingo ndi amalonda tisonkha, ine ndiyamba ndi malata awiri. Tepi yoyezera ya malemu bambo ndikadali nayo, ndibwera nayo.

Mwana wa telala,
Kuseri kwa msika