Kwa Mwana Wanga ku Melbourne, za Leunig ndi Makatuni Ako

Mwana wanga,

Kuno tonse tili bwino. Makatuni ako a pa Facebook ndawaona, ndipo luso uli nalo ndithu. Koma imodzi yandiwawa mumtima: ija ya mtsikana woyeretsa m'maofesi akuwodzera m'sitima, kukamwa kuli yasa, anthu pansi pake akuseka.

Ndiwe unandidziwitsa za Michael Leunig, wojambula makatuni wa ku Australia uja, ndiye lero ndikukumbutse za iye. Anabadwira mumzinda ukukhalawo mu 1945. Bambo ake ankagwira ntchito kophera nyama, iyenso anagwirako ali mnyamata, choncho thukuta la munthu wamba ankalidziwa. Nyuzipepala ya The Age inatulutsa zojambula zake kwa zaka zambirimbiri mpaka mu 2024, chaka chomwe anamwalira pa 19 December ali ndi zaka 79.

Ankamukonderanji? Tianthu take tinali tamphuno zazikulu, tosungulumwa, bakha ali pambali, mwina tipoti ili pamutu. Pafupi ankalembapo kandakatulo kapena kapemphero kakafupi. Munthu wotopa ankadula katuniyo n'kuimata pafiriji, chifukwa ankadziona momwemo koma osamva kuti akumunyoza. N'chifukwa chake mu 1999 bungwe losamala mbiri ndi chikhalidwe la National Trust linamuika pa mndandanda wa anthu amoyo omwe ndi chuma cha Australia. Usaganize kuti anali wamantha. Boma la Australia, la nduna yaikulu John Howard, litatumiza asilikali ku Iraq mu 2003, iye anatsutsa nkhondoyo poyera, ambiri n'kumukwiyira. Ukali wakewo unkapita kwa anthu okhala ndi mphamvu.

Komatu mu 2019 anajambula mayi maso ali pafoni, khanda litagwa m'kangolo kake iye osadziwa. Amayi ambiri zinawapweteka kwambiri, ndipo ine ndimawamvetsa. Ndakulerani inu, ndikudziwa mmene mayi amatopera, n'kumalakalaka kamphindi koti mutu upume. Leunig ndimamukondabe, koma pamenepo anamenya munthu wolema kale ndi katundu.

Mtsikana wa m'sitimayo mwina wagwira ntchito usiku wonse kuti atumize ndalama kwawo, monga umachitira iwe. Ichotse katuniyo, mwana wanga. Ukafuna, umujambulenso akugona chomwecho, koma ndi chifundo, kuti iye mwini ataiona afune kuisunga. Ndipo amene amamulipira mochepa uja bwanji sunamujambule? Yatsopanoyo unditumizire ndiyambe kuiona ine.

Ndine mayi ako.