Wofuna kusiya mowa ayambire kuchipatala, kenako apeze anzake

Akonzi,

Ndife ogwira ntchito zaumoyo m'midzi ya ku Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Tikupempha malo kuti tiyankhe funso limene mabanja amatifunsa monong'ona: munthu wotopa ndi uchidakwa apite kuti, nanga kumisonkhano ya osiya mowa kumachitika zotani?

Asanafune gulu, pali ngozi yoti aidziwe. Munthu womwa kachasu tsiku ndi tsiku, amene m'mawa manja amanjenjemera mpaka atapeza kapu yochotsera matsire, asasiye mwadzidzidzi ali yekha kunyumba. Pakapita maola 6 mpaka 24 chimwereni komaliza, amayamba thukuta, kusanza ndi kusowa tulo. M'masiku awiri oyamba ena amagwa ngati a khunyu. Tsiku lachitatu kapena lachinayi ena mutu umasokonezeka, amaona tizilombo pakhoma, thupi limatentha, mtima umathamanga, ndipo apa munthu angathe kufa. Achibale akaona zimenezi amati walodzedwa n'kumutengera kwa sing'anga, pamene chafunika ndi mankhwala okhazikitsa thupi otchedwa diazepam a masiku ochepa ndi vitamini B1 woteteza ubongo. Choncho ulendo woyamba ukhale wa ku centro de saúde (chipatala chaching'ono cha m'dera lanu), ku Hospital Rural de Ulóngue, kapena ku Hospital Provincial kwa okhala mumzinda wa Tete. Mukafika funsani técnico de psiquiatria, wogwira ntchito za matenda a maganizo. Amene ali pa mankhwala a TB kapena ma ARV anene poyera kuti amamwa, chifukwa chiwindi chimalemedwa kawiri.

Magulu a osiya mowa sakhoma chikwangwani pamsewu, n'chifukwa chake ambiri amati kulibe. Funsani técnico yemweyo, APE (wothandiza zaumoyo m'mudzi) wa m'dera lanu, abusa kapena ansembe, ndi ofesi ya Gabinete Provincial de Prevenção e Combate à Droga ku Tete, yolimbana ndi mankhwala osokoneza bongo. Dzina loti mutchule ndi Alcoólicos Anónimos, AA mwachidule, gulu lomwe linayamba mu 1935 ku Akron, ku America. Kulowamo sikulipira, ndipo chofunika n'chimodzi basi: kufuna kusiya. Palinso misonkhano ya pa intaneti ya m'Chipwitikizi kwa amene ali ndi foni yabwino.

Kumene gulu lili kutali, anthu atatu akhoza kuyamba lawo. Apemphe kalasi kusukulu kapena chipinda kutchalitchi, kutali ndi baraka (malo ogulitsira mowa). Tsiku ndi ola zisasinthe, ndipo asankhe nthawi imene chibaba chimavuta kwambiri: madzulo a tsiku la msika. Msonkhano ukhale wa ola limodzi kapena limodzi ndi theka. Wotsogolera azisinthana. Aliyense alankhule mphindi zitatu mpaka zisanu za iye mwini, osati za mnzake, ndipo pasakhale womudula mawu kapena womupatsa malangizo. Mlendo ali ndi ufulu wongokhala chete. Wobwera ataledzera asathamangitsidwe. Akhale, amvetsere, alankhula naye pambali akamaliza. Watsopano apatsidwe mnzake amene watha miyezi yambiri osamwa, a AA amati padrinho, woti amuimbire foni chibaba chikamugwira usiku. Lonjezo lake ndi la lero lokha, maola 24, chifukwa wolumbira kuti sadzamwanso mpaka kufa amati akaterereka kamodzi, manyazi amamuthawitsa.

Zimene zimapha magulu otere n'zodziwika. Choyamba ndi miseche. M'mudzi aliyense amadziwana, ndipo nkhani imodzi ikamveka kuchigayo, sabata yotsatira mipando imakhala yopanda anthu. Lamulo la chinsinsi linenedwe poyamba pa msonkhano uliwonse, ngakhale onse akulidziwa. China ndi ulaliki. Tchalitchi chibwereketse chipinda, tikuthokoza, koma wolalikira akaima kutsogolo n'kuyamba kudzudzula, anthu amagwedeza mitu mwaulemu ndipo sabweranso. Ndalamanso zimagawanitsa: musasakanize gululi ndi chipereganyo kapena ngongole, pakuti wolephera kubweza amasowa pamodzi ndi vuto lake.

Nyengo yovuta kwathu kuno ndi yogulitsa fodya ndi mbatata ya kachewere. Mlimi amene wakhala miyezi inayi osalawa chifukwa m'thumba munalibe kanthu amadziona ngati wachira, kenako ndalama za chaka chonse zimafika tsiku limodzi. Gulu lanzeru limakambirana izi msika usanatsegulidwe: apite ndi ndani kokalandira, abwerere njira iti, ndalama zisungidwe kwa yani, za feteleza zichotsedwe liti. M'miyezi imeneyi azikumana kawiri pa sabata. Woterereka alandiridwe popanda mlandu, koma ngati wamwanso mowirikiza masiku ambiri, abwerere kaye kuchipatala asanasiyenso.

Amayi omwa amabisala kuposa abambo, ndipo pagulu pamene pali apongozi kapena alamu sangatsegule pakamwa. Apatsidwe tsiku lawolawo. Akazi ndi ana a omwa mowa nawonso azikumana paokha, monga amachitira a Al-Anon, gulu la achibale a omwa mowa, kuyambira 1951, osati kubwera kudzaneneza.

Kwa mawailesi a m'madera, pempho lathu ndi lakuti mulengeze malo, tsiku ndi ola la misonkhanoyi m'Chinyanja ndi m'Chinyungwe, koma musatchule dzina la munthu aliyense, ngakhale la wotsogolera.

Ogwira ntchito zaumoyo m'midzi,
Ulóngue, Angónia