Kwa mwana wanga mphunzitsi, za khadi lija

Mwana wanga,

Mlongo wako anandiyatsira mawu aja unatumiza pa WhatsApp, ukuwafotokozera ana a kalasi yako za sitima ya Titanic. Ndinamvetsera katatu. Mawu ako ndi a malemu bambo ako enieni, mpaka katsokomola kaja. Kamtsikana kena kanakufunsa kuti zinatheka bwanji anthu oposa 2,200 kukhala ndi mabwato opulumukira 20 okha, iwe n'kukayankha modekha. Mtima wanga unadzaza.

Koma ndamva za katapila. Usandifunse wandiuza ndani. Akuti khadi lako lakubanki limagona kwa munthu wina, malipiro akalowa amayamba ndi iye kutapa. N'zoona zimenezi, bambo?

Iwe wemwe unawauza ana kuti sitimayo inanyamuka ku Southampton pa 10 April 1912 kupita ku New York, ndipo kunsi kwake inagawidwa zipinda 16. Zinayi zakutsogolo zikanadzaza madzi, ikanayandamabe. Chiphiri cha madzi oundana chinaboola zoposa pamenepo, madzi n'kumasefukira kuchoka chipinda china kulowa china, osakwana maola atatu yonse pansi. Anthu oposa 1,500 anathera m'madzi ozizira aja. Nanga iwe ukakongola kwa uyu kuti ubweze kwa uja, madzi sakusefukira? Panopa zadzaza zipinda zingati? Ndiuze chilungamo.

Njala ya 2002 unali wamng'ono. Bambo ako anatenga thumba limodzi la chimanga kwa munthu wina, pobweza anafuna matumba atatu. Njinga ija unkakwera pakaliyala inapita choncho. Tsiku limene anabwera kudzaitenga, bambo ako anangokhala pakhonde osadya, nsima n'kuzizira m'mbale. Sindifuna kuonanso nkhope ngati ija, makamaka pa iwe.

China chimene chinandibaya ndi cha Jack Phillips, wotumiza mauthenga m'sitimamo. Unati mnzake wa sitima ya Californian anamuuza kuti aima chifukwa cha madzi oundana, iye n'kumudula kuti akhale chete, watanganidwa ndi mauthenga a apaulendo. Pasanathe ola, ngozi. Sabata yatha mlongo wako atangotchula za khadi, unamudulira foni. Ana a eni ukuwaphunzitsa bwino, a kwanu ukuwatseka pakamwa. Zandipweteka zimenezo, ndisakubisire.

Sindikuti ndiwe wosakaza. Malipiro ndi ochepa, lendi yakwera, ndipo za mankhwala anga unatumiza ndiwe. Mwina ngongoleyo inayambira pa ine. Ngati ndi choncho, leka kunditumizira mpaka khadi libwerere m'thumba mwako. Mbatata ilipo, sindifa.

Sukulu ikatsekera ubwere. Ulembe papepala onse amene uli nawo ngongole, usasiye ndi mmodzi yemwe, tikhale pansi ndi amalume ako. Mbuzi ziwiri zija ndagulitsa kale mumtima mwanga. Kwa wakatapila usapitenso, wamva? Usapitenso.

Mlongo wako umuimbire, wakhumudwa.

Ndine mayi ako.