Lipoti la ku maphunziro a aphunzitsi a Sande sukulu, za Ahebri ndi dziko la malonjezano

Moni a mkulu wa mpingo, aphunzitsi anzanga ndi nonse muli pa gulupu pano. Ndabwerako kumaphunziro munandituma kuja, ndafika dzulo usiku nde ndati ndilembe lero lomwe zinthu zisanayambe kuthawa m'mutumu. Za chakudya ndi pogona zinali bwino, kungoti tsiku loyamba magetsi anathima projekita osayaka, mpaka abusa otiphunzitsa anangotenga choko nkujambula mapu pa bolodi, ndipo kunena zoona mapu achokowo ndi omwe andithandiza kwambiri.

Mutu unali woti Ahebri anachokera kuti, nanga dziko analonjezedwa lija ndi liti. Ine popita ndimati iyi nde nkhani yophweka, zaka zonsezi tikuphunzitsa ana za Abrahamu. Ndachitako manyazi abale.

Abrahamu sanali wa ku Kanani ayi. Genesis 11:31 akuti bambo ake a Tera ndi amene ananyamula banja kuchoka ku Uri wa kwa Akaldayo, ulendo unali wa ku Kanani koma anakathera pa Harani, a Tera nkumwalirira pompo. Uri lero ndi bwinja, lili kumwera kwa Iraq pafupi ndi Nasiriyah, mzungu wina Leonard Woolley anakumbapo kuyambira 1922 mpaka 1934, pomwe Harani ali ku Turkey. Nde Mulungu akuitana Abramu (Abrahamu yemweyo dzina lisanasinthe) mu Genesis 12 munthuyo ali ndi zaka 75, mwana alibe, ndipo lonjezo la dzikolo anakalimvera pa Sekemu, koma vesi ili chakumbuyo kwake ikunena mosabisa kuti Akanani anali momwemo m'dzikomo. Silinali tchire lopanda mwini.

Dzina loti Mhebri likuyamba kupezeka pa Genesis 14:13, paja munthu wopulumuka ku nkhondo anathamanga kukauza Abramu kuti Loti wagwidwa. Abusa anati ena amalimanga pa Ebere, kholo la m'mzere wa Semu, ena amati likuchokera ku mawu a Chihebri otanthauza kuoloka, ndiye kuti munthu wa kutsidya. Mayi wina kumbuyo anangoti eeh ndekuti obwera, holo yonse kuseka. Koma sananame mayiyo, Yoswa 24:2 akuti makolo awo ankakhala tsidya lija la mtsinje wa Firate ndipo ankapembedza milungu ina. Chinanso tisamasakanize maina pophunzitsa ana, loti Israele ndi la Yakobo mdzukulu wa Abrahamu, analipata atagwirana ndi munthu uja usiku wonse pa Yaboki, pomwe loti Myuda linatchuka mochedwa kwambiri, likuchokera ku fuko ndi ufumu wa Yuda womwe Ababulo anaugwetsa mu 586 BC. Ine ndakhala ndikuuza ana kuti Abrahamu anali Myuda, pepani.

Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna mumve. Abusa anatifunsa kuti pa dziko lonse analonjezedwa lija, Abrahamu pomwalira anali ndi malo aakulu bwanji? Tonse zii. Anatitsegulitsa Genesis 23. Sara wamwalira ku Hebroni ali ndi zaka 127, mkulu uja walira maliro, kenaka akunyamuka kupita kwa Ahiti eni mudzi nkukadzitchula yekha kuti ndi mlendo pakati pawo, akupempha poika mkazi wake. Taganizani, munthu woti Mulungu wamuuza kangapo konse kuti dziko ili ndi lako ndi mbewu yako, alibe ndi pokumba manda pomwe. Efroni mwini munda akuyamba ndi ulemu uja wa pamsika, ati tengani ulere mbuyanga, koma Abrahamu anakana mpaka mtengo unatuluka, masekeli 400 a siliva, ndipo anayeza ndalamazo pa chipata cha mudzi anthu akuona kuti mawa pasadzakhale mlandu. Munda wa Makipela ndi phanga lake ndi mitengo yake, basi ndi okhawo malo omwe buku la Genesis likutiuza kuti anagula. Stefano mu Machitidwe 7:5 akuchita kunena kuti sanapatsidwe cholowa ngakhale popondapo phazi.

Zinandikhudza chifukwa ife za manda timazidziwa, munthu akhale mtauni zaka 40 koma akatisiya timasonkha ya transipoti kuti akagone kumudzi, poti kwanu ndi komwe kuli manda a makolo ako. Abrahamu mtembo wa Sara sanabwerere nawo ku Harani komwe kunali abale, anauika ku Kanani, kunali ngati kukhoma chikhomo kuti kwathu tsopano ndi kuno. Nchifukwa chake Yakobo akufera ku Igupto analumbiritsa Yosefe kuti akamuike ku Makipela, Yosefe nayenso nkulamula za mafupa ake, ndipo Mose anawanyamuladi potuluka, anakaikidwa ku Sekemu pa malo omwe Yakobo anagula. Banja linalowa ku Igupto lili anthu 70, linatuluka uli mtundu.

Panali kamkangano pa zaka zomwe anakhala ku Igupto, Genesis 15:13 akuti 400 pomwe Eksodo 12:40 akuti 430, abambo awiri anakokana mpaka tiyi kuzizira, ine sindinaonepo chodyera nthawi. Chomwe chinandisangalatsa ndi mwala wa Farao Merneptah wa cha m'ma 1208 BC, anaupeza Flinders Petrie ku Thebes mu 1896 ndipo uli ku Cairo, ndi cholembedwa chakale kwambiri kunja kwa Baibulo chotchula dzina loti Israele. Za kukula kwa dziko, Genesis 15:18 akuyambira ku mtsinje wa Igupto mpaka Firate, Numeri 34 malire ake ndi ochepa, ndipo kuchokera ku Dani kumpoto kufika ku Beereseba kumwera ndi makilomita pafupifupi 240, sipafika ndi Lilongwe mpaka Blantyre pomwe.

Mukudziwa kale kuti funso la Israel wa lero, yemwe anakhazikitsidwa mu 1948, silikanalephera kubwera. Mnyamata wina anafunsa kuti nde pa nkhondo zikuchitikazi eni malo ndi ndani. Abusa sanalowe ndale, anangotiwerengetsa Levitiko 25:23 pomwe Mulungu akuti dziko ndi lake ndipo Aisraele ndi alendo kwa Iye, kenaka Genesis 25:9 pomwe Isake ndi Ismaele anaika bambo awo limodzi ku Makipela komweko. Mnyamatayo sanakhutire, ndinamuona nkhope, koma ine kwa ana athu ndikuona kuti tilekezere pomwepo.

Pempho langa ndi loti teremu ikubwerayi tiike Genesis 23 pa ndandanda ya kalasi la akuluakulu, timailumpha nthawi zonse kuchoka pa nsembe ya Isake nkugwera pa Rebeka. Mapu aja ndinawajambula pa foni ndiponya pompano madzulo, tikufunika pepala lalikulu ndi ma maka kuti wina wa dzanja labwino awakopere. Chenji ya transipoti ndi malisiti ndipereka kwa amayi asungichuma Lamulungu tikaweruka.