Miyendo ya kabaza payokha siikwana pa mpikisano wa njinga

Akonzi,

Ndipatseniko kampata m'nyuzipepala yathuyi kuti ndilankhule ndi anyamata a kwathu amene ayamba kutengeka ndi mipikisano ya njinga kuno ku Joni. Ine ndimakonza njinga pa shopu ina ku Randburg. Lolemba ndiye tsiku lathu lotangwanika, chifukwa zonse zimene zaonongeka pa mipikisano ya Lamlungu zimathera kwa ife: mawilo opindika, mahandulo okhota, zishalo zong'ambika. Mwezi watha imodzi mwa njinga zimenezi idali ya mwana wa mlongo wanga, ndipo mwini wakeyo sadathe kuibweretsa yekha.

Asanabwere kuno mnyamatayu ankapalasa kabaza pa Balaka. Amene mumaidziwa ntchito imeneyi mukudziwa miyendo imene imatuluka kumeneko: mayi ndi mwana kumbuyo, kathumba ka chimanga pamwendo, njinga ya Hero yopanda magiya, dzuwa likuswa mtengo. Atafika kuno adapeza ntchito ya m'gadeni ku Fourways, ndipo pothawa mtengo wa matakisi ankapalasa kuchokera ku Diepsloot m'mawa uliwonse. Abwana ake ataona khama lake adamupatsa njinga yawo yakale yothamangira, ya matayala owonda aja. Pa msewu wa Winnie Mandela, umene ambirife tikuutchabe William Nicol, adayamba kumapitirira anthu a zovala zothina okwera njinga zodula kuposa galimoto zina. Madzulo n'kundiimbira: "Amalume, anthu awa alibe mphamvu. Ndikalowa mpikisano wawo ndikawasiya onse."

Za mphamvu sankanama ayi. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo alendo ambiri amabanika pa zitunda zake, koma iye ankakwera akuimba mluzu. Mtima wake udali pa 947 Ride Joburg, mpikisano waukulu wa chaka ndi chaka umene udayamba mu 1997, tsiku limene misewu ikuluikulu ya mumzinda muno imatsekedwa kuti anthu zikwizikwi apalase makilomita opitirira 90. Pofuna kudziyesa adalembetsa kaye kampikisano kakang'ono cha kumbali ya Cradle of Humankind, dera la kunja kwa mzinda, kumene opalasa njinga a kuno amakonda kukathera Loweruka ndi Lamlungu.

Wakabaza amayenda yekha. Zimene amachenjera nazo ndi minibasi, mbuzi ndi mchenga wa m'mbali mwa tala. Pa mpikisano chimene aliyense amalimbana nacho ndi mphepo, ndipo njira yake ndi kubisala kumbuyo kwa mnzako. Amene ali pakati pa gulu amapulumutsa mphamvu pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu poyerekeza ndi amene akutsogola. N'chifukwa chake amaunjikana chonchija, mpata wa pakati pa mawilo uli wa chikhatho chimodzi kapena ziwiri, akuthamanga makilomita 40 pa ola. M'gulu muli malamulo amene palibe adzakuuze pa tsiku la mpikisano. Sukoka buleki mwadzidzidzi. Supatuka usanacheuke. Ukaona dzenje umaloza ndi dzanja, chifukwa a kumbuyo saona msewu, amaona msana wako. Lalikulu mwa onse: wilo lako lakutsogolo lisalowe m'mbali mwa wilo lakumbuyo la mnzako. Akakhudzana mawilowo, wogwa ndi wakumbuyo. Wakutsogoloyo nthawi zina samva n'komwe, amangopita.

Umu ndi momwe ngozi ya mnyamatayu idachitikira, malinga ndi iye mwini komanso bambo wina amene adali pambuyo pake. Gulu litafika pa kachitunda liwiro lidatsika. Iye, mphamvu zikadalipo zambiri, adapitiriza kuponda mpaka wilo lake lidalowa m'mbali mwa la munthu wakutsogolo. Munthu uja adanyamuka pa chishalo kuti aponde ataimirira. Aliyense wozolowera amadziwa kuti munthu akaimirira chonchi njinga yake imakhala ngati yabwerera m'mbuyo pang'ono, ndipo amasiya mpata. Mwana wa mlongo wanga sankadziwa. Matayala adakhudzana, handulo idatembenuka, ndipo popeza nsapato zake zidali zokoledwa ku mapedulo sadathe kuponda pansi monga akadachitira pa kabaza. Adamenyetsa phewa ndi mutu pa tala, anthu awiri n'kumugwera pamwamba.

Akuti atadzuka chinthu choyamba chidali kupana wilo lakutsogolo ndi maondo kuti awongole handulo, monga timachitira kumudzi, kuti akwerenso. Mkono wakumanja udakana. Mmodzi mwa oyang'anira msewu adamulanda njingayo n'kumukhazika pansi, ndipo ndikumuthokoza mayi ameneyo ngakhale sindikumudziwa dzina, chifukwa mnyamatayu ankafunsa funso lomwelomwelo mobwerezabwereza, loti tatsala ndi makilomita angati. Munthu akamatero ndiye kuti mutu wagwedezeka, ndipo sayenera kukweranso njinga tsiku limenelo ngakhale akulumbira kuti ali bwino.

Anyamata ambiri kuno amatumizirana kanema wa Nicholas Dlamini, munthu wakuda woyamba wa ku South Africa kupikisana mu Tour de France, mpikisano wotchuka wa njinga wa ku France, mu 2021. Adagwa pa chigawo cha mpikisanowo chopita ku tauni ya Tignes, n'kudzuka, n'kupalasa yekha m'mapiri mvula ikugwa mpaka kukafika, ngakhale nthawi yololedwa idali itadutsa kale. Ndi nkhani yokoma, ine ndimaikonda. Koma Dlamini adali ndi timu, dotolo ndi malipiro. Wantchito wa m'gadeni wa ku Diepsloot ali ndi mikono yake iwiri basi.

Kuchipatala atamujambula adapeza kuti lathyoka ndi fupa lija limachoka m'munsi mwa khosi kupita paphewa, limene opalasa njinga ambiri amathyola. Adamumanga mkono pachifuwa ndi nsalu n'kumuuza kuti kwa masabata 6 mpaka 8 asanyamule kanthu. Khungu lidasupuka kuyambira m'chiuno mpaka pabondo, ndipo anamwino potsuka ankachita kutola timiyala ta tala kamodzikamodzi. Iye akuti zimenezo zidapweteka kuposa fupalo. Njinga ndidaiona ndekha pa benchi: masipoko atatu oduka, limu itapindika moti wilo silizungulira, chogwirira buleki chitalowa mkati. Chipewa chake kunja chimaoneka chabwinobwino, kungokandika pang'ono. Nditachitembenuza, mkati mudali mutagawanika kuyambira pa khutu mpaka pa nkhongo. Kuno lamulo lidakhazikitsa kuyambira mu 2004 kuti wokwera njinga avale chipewa, ndipo pa mpikisano sakulola kuyamba wopanda chipewa. Chimene ambiri sadziwa n'choti chipewa chikamenyedwa kamodzi chatha ntchito, ngakhale chioneke chatsopano. Musagule cha kaunjika chimene simukudziwa mbiri yake.

Tsono pa nkhani ya ndalama. Anthu awiri amene adagwa naye ali ndi inshulansi ya chipatala ndipo ntchito yawo ndi ya pa kompyuta. Lachiwiri adali kale muofesi. Iye abwana ake amusungira malo, Mulungu awadalitse, koma maganyu a Loweruka adapita ndi ena. Mwini nyumba sadikira fupa kuti lilumikizane. Ndalama imene amatumiza kwa mayi ake mwezi ndi mwezi yaima, ndipo mlongo wanga akuimbira ine, osati iye, kufunsa za feteleza. Tikamalembetsa mipikisano timawerengera ya kulembetsa ndi ya thiransipoti yokha, za miyezi iwiri yokhala pakhomo sitiziganiza.

Sindikuletsa aliyense. Mnyamatayu akuti akachira akwerabe, ndipo ine ndamuuza kuti wilo ndimukonzera akalonjeza kuyamba wayenda ndi kalabu. Pafupifupi shopu iliyonse ya njinga kuno ili ndi gulu limene limanyamuka m'mamawa Loweruka, ndipo ambiri salipiritsa munthu wobwera kudzayesa. Pita ukanene poyera kuti ndiwe watsopano, ukhale kumapeto kwa gulu, uone momwe manja awo akulankhulira. Safunsa adadya phula. Zolowera kuchotsa phazi pa pedulo pabwalo lopanda galimoto mpaka mwendo uzichita wokha. Polembetsa mpikisano usaname za liwiro lako kuti akuike m'gulu la kutsogolo. Gulu la oyamba kumene lilipo pa chifukwa. Lemba nambala ya m'bale wako pakapepala uike m'thumba la shati, chifukwa foni yokhoma siithandiza amene akukutola.

Mawu ena apite kwa akuluakulu oyendetsa masewero a njinga kwathu. Biniam Girmay wa ku Eritrea adapambana jezi yobiriwira, mphoto ya wopeza mapointi ambiri, mu Tour de France ya 2024, ndipo Eritrea si dziko lolemera. Kusiyana kwake n'koti ku Asmara, likulu la dzikolo, ana amakula akupikisana m'magulu m'misewu ya mumzinda, moti pofika zaka 18 kuyenda wilo ndi wilo kudawalowa kale m'magazi. Ife anyamata amphamvu tili nawo pa depoti iliyonse, koma timawakumbukira pokhapokha pakakhala mwambo wofuna kusangalatsa alendo: kuwaunjika pa mzere, kuimba wezulo, wopambana n'kumupatsa njinga yatsopano yoti akapitirize kabaza. Ndikupempha kuti ku Balaka, ku Salima ndi ku Nkhotakota, kumene kabaza ndi wochuluka ndipo misewu ndi yafulati, kuyambike timagulu ta Loweruka m'mawa, tokhala ndi munthu mmodzi wodziwa kuphunzitsa kuyenda m'gulu ndi zipewa zobwereketsa, mpikisano uliwonse usanalengezedwe.

Wokonza njinga,
Randburg, Johannesburg